Ngodya ya Luso Lamakono: Lipoti Likakana Kupita, Werengani Nambala

Mlangizi wa zaulimi kapena wa zaumoyo akatumiza lipoti pa lamya ya m'manja kudzera mu pulogalamu monga ODK Collect, KoboToolbox kapena DHIS2, uthengawo umapita ku kompyuta yaikulu yotchedwa seva. Khomo limene pulogalamu ndi seva zimalankhulirana limatchedwa API. Seva imayankha ndi nambala ya madijiti atatu, ndipo dijiti yoyamba ndiyo imanena amene ayenera kuchitapo kanthu.

Nambala yoyamba ndi 2 ndi ya mtendere. 200 ikutanthauza kuti pempho latheka, pamene 201 ikutsimikiza kuti lipoti latsopano lasungidwa.

Yoyamba ndi 4 ikuloza kwa wotumiza. 400 ikunena kuti uthenga sunalembedwe moyenera. 401, dzina kapena mawu achinsinsi sanavomerezedwe. 403, mulibe chilolezo cholowa pamenepo. 404, chimene mukufuna kulibe, mwina fomuyo inachotsedwa. Kutumizanso musanakonze n'kungotaya ndalama za intaneti ndi moto wa batire. Yosiyana ndi 429, imene inakhazikitsidwa mu 2012: ikuti mwatumiza kambirimbiri m'kanthawi kochepa, choncho pumani kaye.

Yoyamba ndi 5 ikuloza ku seva. 500 ndiye kuti china chake chasokonekera m'kati mwake, 503 ndiye kuti yalemedwa kapena akuikonza. Apa kuona maso a nkhono n'kudekha. Dikirani mphindi imodzi, ikakananso ziwiri, kenaka zinayi. Alangizi a boma lonse akamaumiriza nthawi imodzi kumapeto kwa mwezi, seva yolemedwayo imachedwa kutsitsimuka.

Choopsa kwambiri ndi pamene netiweki yaduka yankho lisanafike. Lipoti likhoza kukhala litasungidwa kale, lamya yanu osadziwa. Mukalembanso fomu yatsopano, mlimi mmodzi angaoneke kawiri pa mndandanda wolandira mbewu, ndipo mnzake angatsale. Tumizaninso fomu yomweyo, kapena funsani kaye ku ofesi ngati yafika. Musafufute chilichonse mu lamya chitsimikizo chisanabwere.

Pokanena vuto kwa akatswiri a kompyuta, mawu oti "zakanika" sawathandiza. Auzeni nambala imene yaoneka, nthawi yake, ndi dzina la fomu. Zitatuzi n'zokwanira kuti adziwe poyambira.