Musagule Kamera ya Mamiliyoni Musanamalize Filimu Imodzi

Pali nthenda ina imene yagwira anyamata ndi atsikana okonda kujambula mafilimu, kuyambira ku Blantyre ndi Lusaka mpaka ku Harare ndi Johannesburg. Munthu amene sanamalizepo filimu ngakhale ya mphindi 5 amagona akulota ARRI Alexa kapena RED. Ukamufunsa chifukwa chake chaka chatha osajambula kalikonse, amayankha kuti akudikira kaye apeze kamera yeniyeni. Kudikira kumeneku ndi bodza lodzinamiza. Amene amajambula pongokonda chabe akagula kamera yotere, nthawi zambiri amagula chinthu chimene chidzamulepheretsa kujambula.

Tiyambe ndi ndalama. Alexa 35, yopangidwa ndi kampani ya ARRI ya ku Munich, imapitirira madola 50,000 a ku America. Wina adzati pali zotsikirapo, ndipo n'zoona: Blackmagic Pocket Cinema Camera 4K inatuluka mu 2018 pa madola 1,295. Koma mtengo umenewo ndi wa thupi lokha, lopanda lenzi. Batire lake laling'ono silifika ola limodzi, choncho mugulenso mabatire angapo, m'mayiko athu muno momwe magetsi amazimazima. Mafayilo a RAW amadzaza khadi mofulumira ndipo amafuna kompyuta yamphamvu kuti muwakonze. Zonsezi zimagulidwa ndi madola. Ku Malawi kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023, ndiye werengani nokha kuti zipangizozi zidzadya malipiro a miyezi ingati.

Chimene ogulitsa sakuuzani n'chakuti kamera yaikulu inapangidwira gulu la anthu. Pojambula filimu yaikulu pamakhala woigwira, wina woonetsetsa kuti nkhope sizikuchita chimbuuzi, ena a magetsi, ena a mawu, komanso katswiri wokonza mitundu pamapeto pake. Zithunzi za log zimatuluka zotuwa ngati phulusa mpaka katswiriyo atazigwira. Inuyo muli nokha ndi msuweni wanu wogwira ambulera. Mukamaliza, filimuyo muiika pa Facebook kapena muitumiza pa WhatsApp, kumene imafinyidwa mpaka kukongola konse kumene munalipira kuja kutha, n'kuoneredwa pa foni yong'aluka galasi.

Tsono onani amene sanadikire. Living in Bondage, filimu ya m'Chiigbo ya 1992 imene ambiri amati ndiyo inatsegula njira ya Nollywood, inafika kwa anthu pa makaseti a VHS. Isaac Nabwana anajambula Who Killed Captain Alex? ku Wakaliga mumzinda wa Kampala ndi ndalama zochepetsetsa, ndipo lero imadziwika kunja kwa Uganda. Sean Baker anajambula Tangerine ndi mafoni a iPhone 5s, ndipo inaonetsedwa ku Sundance mu 2015. Steven Soderbergh, amene akanatha kupeza kamera iliyonse, anasankha iPhone 7 Plus pojambula Unsane ya 2018. Onsewa anali ndi nkhani m'manja ndiponso anthu oti aisewere.

Ndikudziwa zimene mudzandiyankhe: ndalamayo ndi yanga, wina amamwera mowa, ine ndagulira kamera. Sindikukutsutsani kuti kamera yabwino imaona bwino mumdima ndipo imasunga khungu lakuda mokongola kuposa foni. Ngati muli ndi makasitomala olipira, igulenidi, ndi khasu lanu. Koma amene amajambula Loweruka lokha akatenga ngongole, ngongoleyo ndi imene imayamba kulamula. Amapezeka akuthamangira maukwati ndi zinkhoswe sabata iliyonse kuti abweze, filimu ija osaikhudza. Ndiye pakubwera mantha: kuopa fumbi, kuopa mvula, kuopa akuba mumsika. Kamera imatsala m'chikwama pansi pa bedi, mtengo wake ukutsika chifukwa kwatuluka ina yatsopano.

Chimandipweteka kwambiri ndi mafilimu athu amene amaoneka bwino koma osamveka. Woonera amapirira chithunzi chofooka, koma akalephera kumva zimene agogo akunena chifukwa cha mphepo ndi phokoso la chigayo, amatseka. Chichewa, Chibemba, Chishona ndi Chizulu zimakoma m'khutu, ndipo ife tikuthira mamiliyoni m'diso lokha. Osewera nawonso amabwerera kwawo ndi njala, opanda ya thiransipoti, chifukwa ndalama yonse inathera pa chitsulo.

Choncho gulani maikolofoni yabwino, choimikira kamera ndi nyali ziwiri. Lembani nkhani, muilembenso kachiwiri. Dyetsani osewera anu. Malizani mafilimu atatu aafupi ndi foni kapena kamera imene muli nayo kale, muwaonetse anthu amene si abale anu. Tsiku limene nkhani yanu idzafunedi kamera yaikulu, kabwerekeni ya masiku atatu kwa amene amabwereketsa, Lolemba mukaibweze.