Wothamanga ndi mmodzi, koma thukuta ndi la ambiri

Munthu akathamanga mtunda wautali pofuna kupeza ndalama zothandizira odwala kapena ana ovutika, chithunzi chomwe chimatuluka m'nyuzipepala chimakhala cha iye yekha: manja ali m'mwamba, thukuta lili kamukamu, anthu akumuombera m'manja. Amene amamuphikira, kumuchapira masokosi ndi kumutsuka matuza usiku amakhala ataima kumbuyo kwa wojambula.

Ine ndikuti anthu osaonekawa ndiwo msana wa ntchito yonse. Ndipo tikawaiwala, timaiwalanso funso lomwe wopereka ndalama aliyense ayenera kufunsa: kodi ulendo woterewu umadya zingati, nanga zotsalazo zimafika kwa yani?

Titenge chitsanzo cha ku Wales, limodzi mwa mayiko a mu United Kingdom. Mu 2012 dzikoli lidatsegula njira ya anthu oyenda pansi yotchedwa Wales Coast Path. Njirayi imatsata gombe la nyanja yamchere kuchokera kufupi ndi mzinda wa Chester kumpoto mpaka ku Chepstow kumwera, mtunda wa makilomita pafupifupi 1,400. Mu 2020, mkulu wina wa konko, Rhys Jenkins, adathamanga njira yonseyi m'masiku 20 ndi maola 10, zomwe panthawiyo padalibe adazichitapo mwachangu chotero. Cholinga chake china chidali kupezera ndalama mabungwe atatu, kuphatikizapo la NSPCC lomwe limateteza ana ku nkhanza.

Tikawerengetsa bwino, mkuluyu ankathamanga makilomita pafupifupi 68 patsiku. Kwathu kuno tingati ankachoka ku Blantyre n'kukafika ku Zomba, mawa lake chimodzimodzi, mkuja chimodzimodzi, kwa masabata pafupifupi atatu. Kusiyana kwake n'kwakuti njira ya m'mbali mwa nyanja si msewu wa phula. Imakwera zitunda, imatsika m'zigwa, imadutsa mumchenga womwe umameza phazi, pena m'matope, pena m'miyala yoterera.

Munthu wotereyu sangasenze yekha chakudya, madzi, zovala ndi pogona. Apa mpomwe gulu lomuperekeza limalowerera. Iwowa amayenda pagalimoto yomwe imakhala khitchini, chipatala ndi chipinda chogona nthawi imodzi. Popeza galimoto singalowe m'kanjira ka m'mphepete mwa phompho, woyendetsa amazungulira m'misewu ya m'midzi kukadikira pomwe njirayo ikumana ndi msewu. Akachedwa ndi mphindi makumi awiri, kapena akasokera, wothamanga amafika pamalopo botolo lili gwa, ndipo tsiku lonse lawonongeka.

Palinso nkhani ya madzi. Nyanja yamchere siili ngati nyanja yathu ya Malawi. Madzi ake amakwera ndi kuphwa kawiri patsiku, kotero malo omwe m'mawa adali mchenga wouma masana amakhala atamira. Wina pagulupo amayenera kudziwiratu nthawi yomwe madzi aphwe kuti mnzawo adutse pafupi, apo ayi azungulire kumtunda n'kuwonjezera mtunda pamiyendo yotopa kale. Wina amaonetsetsa kuti wothamanga akudya ngakhale mtima ukukana, chifukwa thupi likatopa kwambiri chilakolako cha chakudya chimathawa. Wina amayang'anira mapazi, poti kathuza kakang'ono kakalowa dothi kamasanduka bala lothetsa ulendo. Winanso amajambula zithunzi ndi kulemba pa intaneti kuti anthu adziwe komwe ulendo wafika ndi momwe angaperekere. Popanda ameneyu, wothamanga angokhala munthu wotopa m'mbali mwa nyanja, thumba la chithandizo lili pululu.

Anthu amenewa amadzuka wothamanga asanadzuke, amagona iye atagona kale. Ndipo ndiwo amalandira ukali wake. Munthu wosowa tulo, wotupa mawondo, salankhula bwino. Mbiri ya Terry Fox wa ku Canada imatiphunzitsa zimenezi. Mnyamatayu adadulidwa mwendo chifukwa cha khansa, koma pa 12 April 1980 adayamba kuthamanga kuchokera ku St John's, m'mbali mwa nyanja ya Atlantic, ndi mwendo wochita kupanga. Ulendo wake udali wa pamsewu wodutsa dziko lonse, koma ntchito ya omuperekeza idali yomweyi. Mnzake wa paubwana, Doug Alward, ndiye ankayendetsa galimoto ndi kuphika. Awiriwa adafika pokangana mpaka kumakhala osalankhulana, ndipo zinthu zidayamba kuyenda bwino mng'ono wake wa Terry, Darrell, atabwera kudzathandiza. Terry adathamanga makilomita 5,373 m'masiku 143 khansa isanafalikire m'mapapo n'kumuimitsa. Dziko lonse limadziwa dzina lake. Ndi angati amadziwa la Doug?

Akuluakulu adati mutu umodzi susenza denga. Pankhani iyi mwambiwu ndi woona mpaka kumapeto, chifukwa pagulupo pamayenera kukhalanso munthu wolimba mtima wotha kunena kuti "basi, lero uima." Wothamanga amene walonjeza anthu zikwizikwi savomera msanga kuti thupi lakana. Amafuna kupitiriza ngakhale mkodzo wasintha mtundu kapena akuyenda mwa dzandidzandi. Kupeza ndalama zothandizira odwala n'kwabwino, koma kusawonjezere wodwala wina m'chipatala.

Tsono ena amafunsa, ndipo funso lawo ndi lomveka: bwanji ndalama za mafuta, chakudya, nsapato ndi malo ogona osangozipereka kwa ovutikawo, m'malo mozimwaza m'misewu? Yankho langa ndi lakuti anthufe sitipisa m'thumba chifukwa cha kalata yopempha. Timapisa tikaona wina akuvutikira chinthu chomwe amachikhulupirira. Terry Fox ankalakalaka munthu aliyense wa ku Canada atapereka dola imodzi, ndipo pofika kumayambiriro kwa 1981 ndalama zidapitirira madola 24 miliyoni a dzikolo. Kalata yokha sikadafika pamenepo.

Komabe funsolo lisatayidwe kudzala. Chomwe chidathandiza Terry n'chakuti galimoto adapatsidwa ndi kampani ya Ford, mafuta ndi Imperial Oil, nsapato ndi Adidas. Apa pali phunziro: zolipirira ulendo zichokere kwina, zopereka za anthu zipite kwa omwe adalonjezedwa. Pafupi ndi kwathu kuno, mu 2008, David Grier ndi Braam Malherbe adathamanga gombe lonse la South Africa, makilomita oposa 3,000 kuchokera kumalire ndi Namibia mpaka kumalire ndi Mozambique. Kumbuyo kwawo kudali kampani yopanga mankhwala ya Cipla, ndipo ndalama zomwe ankapempha zidali zolipirira opaleshoni ya ana obadwa ndi milomo yong'ambika kudzera ku bungwe la Operation Smile. Wopereka ankadziwa chomwe ndalama yake ikukachita: mwana woti ankalephera kuyamwa bwino adye, alankhule, apite kusukulu osasekedwa.

Kuno kwathu nkhani yoyenda kapena kuthamanga pofuna chithandizo si yachilendo. Mipingo, sukulu ndi magulu osiyanasiyana amachita ma big walk kuti amange tchalitchi, agule mabuku kapena athandize chipatala. Ndi mtima wabwino ndithu. Koma kangati timamva, mwambo utatha, kuti zidasonkhedwa zakuti, matisheti ndi mafuta zidadya zakuti, ndipo zakutizakuti tapereka kwa eni ake? Nthawi zambiri timangomva tsiku loyamba, ng'oma zili pakamwa, kenako zii. Anthu akapereka kawiri katatu osamva mapeto ake, tsiku lachinayi amangoyang'ana kumbali, ndipo wolangika amakhala mwana wodwala uja yemwe sadalakwe kanthu.

N'chifukwa chake ndikuti aliyense wofuna kuchita zoterezi, kaya ndi m'mbali mwa nyanja ya Wales kaya kuchokera ku Mangochi kulowera ku Karonga, ayambe wasankha gulu lake asanagule nsapato. Pakhale woyendetsa galimoto wodziwa njira, wophika, wodziwa za chithandizo choyamba, ndi msungichuma yemwe si wothamangayo. Anene poyera, ulendo usanayambe, yemwe akulipira mafuta ndi chakudya. Ukatha, alengeze masamu onse pamalo omwewo pomwe adapemphera ndalama, kaya ndi pawailesi, m'nyuzipepala kapena pa Facebook.

Ifenso atolankhani ndi owerenga tili ndi mbali yathu. Tizifunsa mayina a omwe adali m'galimoto, tiwatchule. Tizifunsanso za ndalama popanda manyazi, chifukwa gulu loona mtima silikwiya ndi funso lotero, limatulutsa mabuku. Miyendo ya munthu mmodzi imakopa maso a dziko, koma chomwe chimafikitsa thandizo pabedi la wodwala ndi manja ambiri ogwira ntchito mwakachetechete, ndi buku la ndalama lomwe aliyense angalitsegule.