Mmene ndinaphera yucca ndi madzi

Ndiyambe ndi kuulula mlandu. Mu 2019 mlamu wanga amene amagwira ntchito ku Johannesburg anandibweretsera kamtengo m'kachitini ka pulasitiki. Masamba ake anali aatali, opyapyala, obiriwira motuwa, ataunjikana pamwamba ngati mutu wa tsache. Pakapepala komwe anamangirirapo panalembedwa kuti Yucca rostrata. Amayi a kunyumba atangokaona anati, “Ameneyutu ndi khonje, mwamuvutikiranji kuchoka naye kutali konseko?” Sanalakwitse kwenikweni, chifukwa yucca ndi khonje ndi pachibale, ndipo onse kwawo ndi ku America.

Ine ndinachita zimene mwana aliyense wa mlimi akanachita. Ndinakumba dzenje lakuya kuseri kwa nyumba, pamalo a dothi lamakande, n’kuthiramo manyowa a ng’ombe mabeseni awiri. Mmawa uliwonse ndisanapite kukalasi ndinkamuthirira kheni yodzadza. Mvula itayamba mu Disembala ndinasangalala kuti tsopano mlendo wanga akhuta. Pofika Febuluwale masamba apansi anasanduka achikasu, apakati n’kuyamba kuzuka ndikangowakoka pang’ono. Nditagwira thunthu ndinapeza kuti lafewa ngati papaya wakupsa, fungo lake losanena. Walira mvula walira matope. Mizu yonse inali itawola.

Nditayamba kuwerenga za mtengowu m’pamene ndinachita manyazi, poti ndine munthu amene ndimaphunzitsa ana za nyengo ndi nthaka. Yucca rostrata kwawo ndi m’chipululu cha Chihuahua, kumpoto kwa Mexico ndi kumadzulo kwa Texas, komwe amamera m’mapiri a miyala. Madera ambiri a chipululu chimenechi salandira mvula yopitirira mamilimita 400 pachaka. Kuno m’chigwa cha Lilongwe timalandira yoposa kawiri pamenepo, ndipo pafupifupi yonse imagwa pakati pa Novembala ndi Epulo. Choncho dzuwa la Okutobala limene ife timaliopa, kwa yucca ndi zocheza. Mdani wake kwathu kuno ndi madzi odikha pamizu m’miyezi ya dzinja. Mizu nayo imapuma mpweya, ndipo dothi lamakande likakhuta madzi mpweyawo sulowanso.

Mlamu uja sanakhumudwe, anabweretsanso wina mu 2021. Ameneyu sindinamukumbire dzenje ayi. Ndinaunda kachulu kofika m’mawondo kutsogolo kwa nyumba, pamene dzuwa limawomba tsiku lonse, posakaniza mchenga wa kumtsinje, timiyala ta kwale ndi dothi lofiira pang’ono. Manyowa sindinathire ngakhale chikho chimodzi. Ndinamukhazika pamwamba, osakwirira thunthu kupitirira pamene dothi la m’chitini linalekezera, kenaka n’kuyala miyala mozungulira. Chaka choyamba ndinkamuthirira kamodzi pa milungu iwiri m’chilimwe, nditayamba ndapisa chala m’dothi kuti ndione ngati lauma. Kuyambira pamenepo kheni samuonanso. Ntchito yanga yaikulu ili m’dzinja: kuonetsetsa kuti madzi otsika padenga sakuthira pa iye, ndi kupalira udzu umene umafuna kumera m’miyalamo.

Amakula pang’onopang’ono, osapupuluma naye. Masamba akale akauma sagwa, amapendekera pansi n’kukuta thunthu ngati siketi ya udzu. Ena amawameta kuti thunthu lioneke. Ine ndimawasiya, koma nthawi ndi nthawi ndimawatukula kuona ngati chiswe sichinayambe kumanga m’katimo.

Tsono nkhani yanga yeniyeni ili apa. Tayendani m’sukulu zathu, m’maofesi ndi m’nyumba za m’tauni mwezi wa Seputembala kapena Okutobala. Mupeza kapinga wobiriwira mbee, paipi ikulavula madzi masana dzuwa lili paliwombo, pamene kuseri kwa mpanda womwewo amayi ali pamzere ndi zigubu kudikira pa kiyosiki. Pasukulu ina imene ndinaphunzitsapo, chibalo cha mwana wochedwa chinali kukatunga ndowa zisanu kumjigo n’kuthirira maluwa a kutsogolo kwa ofesi. Mwanayo wachedwa kale mphindi khumi, ife n’kumulandanso phunziro lonse loyamba chifukwa cha maluwa amene amafota sukulu ikangotsekera. Mjigo womwewo ndi umene anthu a m’mudzi woyandikana nawo amamwapo. Ineyo ndinaperekapo chibalo chimenechi kangapo konse, sindikuloza ena chala.

Tinatengera kwa atsamunda maganizo akuti pakhomo pokongola ndi pa udzu wometa bwino ndi maluwa a rozi, zinthu za kudziko kumene mvula imawaza chaka chonse. Kwathu miyezi isanu ndi umodzi imatha popanda dontho. Mu Malichi 2024 boma linalengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 ali pangozi chifukwa cha chilala cha El Niño. M’dziko lotere, ine ndikuona kuti munda wa maluwa woyenera ndi umene ungapirire kuyambira Meyi mpaka Novembala popanda munthu kusenza ndowa. Yucca ndi mmodzi mwa mitengo yotero.

Mnzanga wina wophunzitsa sayansi anandifunsa m’chipinda cha aphunzitsi kuti, “Achimwene, mukudzudzula maluwa achilendo, nanga yucca wanuyo ndi wa kwa Kabudula?” Funso labwino, ndipo ndinaseka. Zoonadi tili ndi zathu zopirira chilala, monga mitundu ya aloe yomera m’mapiri mwathumu ndi nkhadze, ndipo pambali pa yucca wanga ndadzalapo aloe atatu amene amachita maluwa ofiira m’nyengo yozizira. Koma chimene ndikutsutsa ine si ulendo wa chomera. Chimanga, chinangwa, mbatata ndi tomato zonsezi zinachokera ku America konko, ndipo palibe amazitcha zobwera. Ndikutsutsa kudzala chinthu chofuna madzi amene tilibe.

Pa chinangwapo pali kankhani. Anthu a Taíno a kuzilumba za Caribbean ankatcha chinangwa kuti yuca, ndipo mpaka lero olankhula Chisipanishi m’maiko ambiri a kumeneko amachitchula choncho. Akatswiri akale a zomera ku Ulaya anasokoneza mitengo iwiriyi, dzina n’kukakamira pa mtengo wolakwika, ndipo Carl Linnaeus analisunga momwemo mu 1753. Choncho musakumbe yucca n’kumayembekezera kufutsa. Chimene mizu ya mitundu ina, monga Yucca elata, imatulutsa ndi thovu, ndipo eni dziko a kumeneko akhala akuigwiritsa ntchito ngati sopo wotsukira tsitsi.

Koma ndichenjeze, makamaka aphunzitsi anzanga. Yucca amene mungamupeze mosavuta kwa ogulitsa mbande m’mbali mwa misewu nthawi zambiri si rostrata. Pali Yucca gigantea wa masamba ofewa, wochokera ku Central America, amene alibe vuto ndi ana. Palinso Yucca aloifolia, amene nsonga ya tsamba lake ndi yolimba ngati zingano. Ameneyu ndi wosavuta kuchulukitsa: mumangodula chidutswa cha thunthu, kuchisiya pamthunzi masiku angapo kuti bala liume, n’kuchizika mumchenga. Koma musamudzale pakhomo la kalasi kapena m’njira imene ana amathamangamo belu likalira, chifukwa nsongazo zimafika msinkhu wa maso. Malo ake ndi kumpanda. Ngati alipo kale pafupi ndi njira, dulani nsongazo ndi sizasi.

Wanga sanachitebe maluwa, ndipo ndikudikira. Akadzatero adzatulutsa phesi pakati pa masamba, lodzaza maluwa oyera ngati timabelu. Khonje akachita maluwa amafa, koma yucca wa thunthu amapitirira kukula. Njere zokha sindikuziyembekezera. Kwawoko kuli kanjenjete kakang’ono koyera kamene kamatola mungu, kukaupaka dala pa duwa lina, n’kuikira mazira momwemo kuti mbozi zake zidzadye zina mwa njerezo, zina n’kutsala. Katswiri wa tizilombo Charles Valentine Riley ndiye anafotokoza bwino ubale umenewu m’zaka za m’ma 1870. Kanjenjeteko kuno kulibe, mlamu wanga sanakanyamule.

Sabata yatha ndinapeza mwana wanga wamng’ono atanyamula kheni, akulunjika pa kachulu paja. Anati akumumvera chisoni mtengowo chifukwa aliyense akumudutsa. Ndinamulanda kheniyo n’kumulozera kudimba la mpiru.