Ntcheu si pogulira mbatata pokha

Basi ikaima pa Lizulu, mawindo onse amatseguka nthawi imodzi. Uyu akufuna kabichi, uyo ndowa ya mbatata ya kachewere, winayo akunenerera tomato. Pakatha mphindi zochepa kondakitala wamenya chitseko, ulendo wa ku Lilongwe kapena ku Blantyre wapitirira. Ambiri a ife Ntcheu timamudziwira pawindo la basi, basi.

Komatu Lizulu yemweyo ndi likulu la ufumu wa Angoni a kwa Maseko, kwawo kwa Inkosi ya Makhosi Gomani V. M'boma lomweli, asilikali a atsamunda a ku Britain adapha Gomani Chikuse m'chaka cha 1896 chifukwa chokana kuwagonjera. Mwana wake, Philip Gomani II, adachotsedwa pampando mu 1953 atauza anthu ake kuti akane chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, ndipo adamwalira chaka chotsatira. Imeneyi si mbiri yaing'ono. Nanga ndi angati mwa inu amene mukuwerenga pafonipa mungaloze pokhotera popita ku Nkolimbo, kumene Angoni amasonkhana chaka ndi chaka pa mwambo wa Umhlangano?

Tiyeni tione kaye kwa anzathu. Ku Vietnam kuli mzinda wotchedwa Hue, umene udali likulu la mafumu a banja la Nguyen kuchoka mu 1802 mpaka 1945. Nkhondo ya mu 1968 idagumula nyumba zambiri za m'linga la mafumuwo. Eni ake sadakhale pansi n'kumangolira: adakonza zotsalazo pang'onopang'ono, ndipo mu 1993 bungwe la UNESCO lidaika malowo pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse. Lero mlendo akafika ku Hue amazungulira linga atakwera njinga ya mawilo atatu yochita kupalasa, amakwera bwato pa mtsinje wa Perfume, amakaona manda a mafumu, kenako n'kukhala pakampando m'mbali mwa msewu kumwa msuzi wa nyama ya ng'ombe wa tsabola umene amautcha bun bo Hue. Wopalasa njinga wapeza yake, wa bwato wapeza yake, mayi wophika msuzi nayenso wapeza yake.

Tisanamizane, Ntcheu alibe linga ngati la ku Hue, ndipo sitikunena kuti mawa azungu adzadza pa Tsangano Turn-off. Koma zinthu zitatu zimene zimasunga mlendo kumeneko, ife tili nazo kale: malo a mbiri, chokwera, ndi chakudya. Vuto n'lakuti chilichonse chili pachokha. Wa kabaza amadziwa njira zonse zachidule koma palibe adamuphunzitsapo kufotokoza za Gomani Chikuse. Gogo amene amaidziwa nkhaniyo kuchokera kwa makolo ake ali kumudzi, palibe womufunsa. Mnyamata wa chiwaya akukazinga tchipisi cha mbatata yokumbidwa dzulo lomweli ku Tsangano, koma kasitomala wake ndi wapaulendo wothamangira basi.

Umhlangano umabwera kamodzi pachaka. Tsikulo ngoma imavinidwa mpaka fumbi kobo, zikopa ndi nthenga zili mbwee, zithunzi zadzadza pa Facebook ndi TikTok. Mawa lake onse abalalika. Miyezi khumi ndi umodzi yotsalayo, mwana wa sukulu wa ku Balaka kapena banja la ku Area 25 lofuna kokayenda Loweruka lingapite kukaona chiyani, ndipo lingafunse ndani?

Khonsolo ya Ntcheu ndi unduna woona zokopa alendo ali ndi mbali yawo, ndipo si yofuna mabiliyoni: zikwangwani zooneka bwino pa M1, zimbudzi zaukhondo ndi madzi m'misika, komanso maphunziro a masiku ochepa kwa a kabaza ofuna kukhala operekeza alendo, okhala ndi chipewa choteteza mutu cha wokwera ndi mtengo wodziwika. Mlendo akaberedwa pamtengo kamodzi sabweranso, ndipo amakauza anzake.

Pali chenjezo limodzi. Manda a mfumu si malo ojambulirapo mavidiyo a nthabwala. Chilichonse chochitika kumeneko chiyambire kwa eni ake, mafumu ndi akuluakulu a kwa Maseko, ndipo gawo la ndalama zolowa lizitsala m'mudzimo.

Zinazo sizidikira boma. Bandulo imene mumathera pa mikangano ya mpira ingakwane kuika msika wa Lizulu, malo odyera a pa boma ndi poimikira kabaza pa Google Maps, ndi zithunzi komanso mitengo yake. Ingakwane kujambula agogo anu akufotokoza za Gomani m'mawu awoawo, mutawapempha bwino, asanapite nazo kumanda. Amene muli ku Ntcheu, yambani ndi gogo wa pafupi nanu sabata ino.