Mufunseni gadiyani, ndiye anagona pamkekapo

Azakhali anga anamwalira mu February, mvula ili pakati, m'nyumba mwawo kutsidya kwa Shire, kutali ndithu ndi boma la Mangochi. Inali khansa ya khomo la chiberekero. M'kaundula wa chipatala chimene chinkawathandiza dzina lawo lilimo pamodzi ndi ena olandira chisamaliro, ndipo si bodza. Anaonedwa kanayi, botolo la mofini analandira katatu, ndipo namwino wake anali mayi wachifundo, woti polankhula nawo ankawagwira dzanja. Koma masiku 9 otsiriza a moyo wawo botolo linali gwa, louma. Amene ankagona pamkeka pambali pawo ndi mwana wawo wamkazi, msuweni wanga, ndipo mpaka lero mwana akalira usiku amadzidzimuka n'kuyamba kufufuza tochi. Chiikireni maliro palibe wa zaumoyo amene anapondako pakhomopo kudzafunsa kuti kodi zinatha bwanji.

Ine ndikuti chisamaliro cha odwala matenda osachiritsika tikuchiyezera malo olakwika, ndipo tikufunsa anthu olakwika. Akabwera alendo ochokera ku Lilongwe kapena othandiza akunja, amaonetsedwa chipinda chopaka laimu, kabati yokhoma bwino, kaundula wolembedwa mwaudongo, ndi chiwerengero cha anthu amene anaphunzitsidwa. Zonsezi n'zofunika. Komatu wodwala amakhala m'chipindamo theka la ola pamwezi. Masiku ena onsewo ali kumudzi, pamphasa, ndi mtsikana amene sanaphunzirepo unamwino. Kuyamikira chisamaliro poona chipinda kuli ngati kutama msodzi poona utoto wa boti lake lili pamchenga, osafunsa ngati ana kwawo anadya ndiwo.

Asatinamize wina kuti nkhaniyi ndi yachilendo kuno. Kunja inayamba kale, pamene Cicely Saunders anatsegula St Christopher's Hospice ku London mu 1967, akuphunzitsa kuti ululu wa munthu woyandikira imfa si wa m'thupi mokha, ulinso m'maganizo, m'banja ndi mumzimu. Kwathu kuno Tiyanjane inayamba pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre mu 2003, bungwe la Palliative Care Association of Malawi linakhazikitsidwa mu 2005, ndipo mu 2014 boma linatulutsa ndondomeko yake ya chisamalirochi. Ku Salima, m'mbali mwa nyanja yomweyi, mayi Lucy Finch anatsegula Ndi Moyo mu 2006, zaka zingapo atamva msilikali wachinyamata akulira ndi ululu m'chipatala mpaka kumwalira popanda chomuziziritsa. Chimene chimandikhudza pa Ndi Moyo n'chakuti sanayambe n'kundandalika mabedi. Odwala amabwera n'kubwerera kwawo, ndipo amene sangathe kuyenda amawatsatira kumudzi.

N'chifukwa chake sindigwirizana ndi anzanga amene amati Mangochi akufunika nyumba yaikulu yogonekamo odwala otere, ngati za kwa azungu. Ndani wa ife angasiye mayi ake kukatsirizikira m'nyumba ya alendo, kutali ndi adzukulu, kutali ndi shehe kapena abusa awo? Kuno ambiri ndi Asilamu, maliro sagonera masiku, ndipo aliyense amadziwa mtengo wa galimoto yonyamula thupi kuchoka pa boma. Anthu amapempha okha kuti atulutsidwe akaona kuti zavuta. Wodi yeniyeni ya odwala amenewa ndi nyumba zathu, ndiye kumeneko n'kumene muyeso uyenera kukafika.

Taonani kukula kwa bomali. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 1.1 miliyoni. Zipatala zokulirapo n'zowerengeka: cha pa boma, cha Monkey Bay, St Martin's ku Malindi, Mulibwanji kumtunda kwa Namwera, Koche. Wa ku Makanjira kuti afike pa boma ayende makilomita pafupifupi 100, pamsewu umene anthu akhala akuulirira kwa zaka zambiri. Matenda nawo sasowa. Pa khansa ya khomo la chiberekero dziko lathu lili m'gulu la maiko otsogola padziko lonse, ya kummero nayo yachuluka, ndipo likodzo, limene ana a kunyanja amakula nalo ngati chinthu wamba, likakhalitsa m'thupi limatha kubala khansa ya chikhodzodzo munthu atakula. Ambiri amafika kuchipatala madzi atafika kale m'khosi. Ndiye onjezani ichi: amuna ambiri a kuno ali ku Joni kapena kumadooko, kotero wodwazika matenda amakhala gogo wofooka kale, kapena mtsikana amene wasiyira sukulu panjira.

Za botolo lija zinayenda chonchi. Mofini wakumwa sagwira ntchito ngati panado woti umamwa mutu ukawawa. Amamwedwa maola 4 alionse, usana ndi usiku, ululu usanabwerere, ndipo pogona amawirikiza muyeso kuti wodwala afike m'mawa. Ukadumphitsa, ululu umabwera ndi ukali wonse. Si mankhwala odula. Ndi ufa wosungunula m'madzi, njira imene Dr Anne Merriman anaifalitsa ku Uganda kuyambira 1993, ndipo dzikolo mu 2004 linalola anamwino ophunzitsidwa bwino kulembera odwala mankhwalawa kuti afike kumidzi. Pachipatala chaching'ono chapafupi ndi kwa azakhali panalibe mofini. Msuweni wanga anagulitsa mbuzi, nakwera kabaza, kenako matola, mayi ake atawasiya m'manja mwa mwana wa zaka 12. Atafika anamuuza kuti wosunga kiyi wapita kumaphunziro, abwerenso Lachinayi. Lachinayilo anakongola ndalama nabwereranso, n'kumva kuti mankhwala atha, akudikira galimoto. Maulendo awiriwo sanalembedwe paliponse, chifukwa kaundula amalemba wodwala amene waonedwa, salemba gadiyani amene wabwezedwa chimanjamanja.

Ndisaname, chabwino chinalipo, ndipo nachonso m'malipoti simuchipeza. Matenda atakula, fungo linayamba kuthamangitsa anthu. Amayi a m'mudzi ankangolonjera ali panja, adzukulu anasiya kulowa, azakhali n'kumadzifunditsa chitenje kumutu ndi manyazi. Namwino uja anamutengera pambali msuweni wanga namuonetsa kaperedwe ka mapiritsi a Flagyl, kuwasandutsa ufa pakati pa masupuni awiri, ndi kathiridwe kake pamalo ovutawo akatha kuwasambitsa. Anamuuzanso kuti mofini amamanga m'mimba, ndiye aziyanika nthanga za papaya, kuzisinja n'kumathira m'phala. Pasanathe sabata fungo linachepa, ndipo anzawo a azakhali anabwereranso kudzakhala m'mbali mwa mphasa n'kumasenda nawo mtedza. Chisamaliro chabwino ndi chimenecho. Namwino ameneyo anayenera kuyamikiridwa pamaso pa akuluakulu ake, koma muyeso wathu sumuona, monganso suona kiyi amene anapita kumaphunziro.

Palinso nkhani ya choonadi. Mawu akuti "kayesereni zakumudzi" ayenera kutha m'zipatala zathu. Amanenedwa mwaulemu, mwina ndi mtima wofuna kupeputsa, koma banja limamva kuti mankhwala alipo kwina, kungoti si kuno. Ndiye amayamba ulendo: kwa sing'anga wa kuphiri, kwa mneneri wa mafuta odzozedwa, kuchipatala cholipira, mwina mpaka kuwoloka malire kulowa ku Mozambique. Ukonde umagulitsidwa, injini ya boti imapita, munda umapinyolitsidwa. Kafukufuku amene Dr Jane Bates ndi anzake anachita ku Blantyre, wofalitsidwa mu 2021, anaonetsa kuti mabanja ambiri a odwala khansa yofika patali amawononga ndalama zoposa mphamvu zawo m'miyezi yochepa chabe. Wodwala amapita, umphawi n'kutsala ndi ana. Munthu wodziwa ntchito akakhala pansi ndi banja, n'kulongosola modekha m'chinenero chawo kuti matendawa sachira koma ululu tiuletsa ndipo sitikutayani, wapulumutsa boti. Wapatsanso wodwala mpata wogawa minda, wokhululukirana ndi abale, woitanitsa mwana ali ku Joni nthawi ikadalipo. Ndipo akadalongosola bwino, sipakadakhala amalume obisa botolo kudenga poopa kuti mofini ndiye amatsiriza munthu, mantha amene ndawamva ngakhale kwa ena ovala yunifolomu.

Chida choyezera zonsezi chilipo kale, sitikuchita kuyamba kusula. Bungwe la African Palliative Care Association, limene likulu lake lili ku Kampala, linakonza mafunso 10, 7 a wodwala ndi 3 a womusamalira. Amafunsa za ululu wa masiku atatu apitawo, za nkhawa, ngati wodwala ali ndi womuuza zakukhosi, ngati mtima uli pamtendere, ngati banja lauzidwa zokwanira ndiponso ngati likudzidalira pomusamalira. Yankho limachokera pa 0 kufika pa 5, moti gogo wosadziwa kulemba amangoimika zala. Vuto ndi wofunsa ndi malo ofunsira. Ngati akufunsa ndi yemwe uja wasunga kiyi wa kabati, Mmalawi aliyense ayankha kuti "zikomo, tikuthandizidwa bwino", poopa kudula dzanja lomudyetsa. Ngati akufunsa m'Chingerezi kapena m'Chichewa cha m'mabuku kwa mayi wa ku Katuli amene ululu wake amaudziwa m'Chiyao, chimene alembe si chimene mayiyo wanena.

Tsono pempho langa kwa akuluakulu a zaumoyo m'boma lino ndi khonsolo yathu ndi ili. Mafunsowo akafunsidwe kumudzi, ndi munthu wina osati wopereka mankhwala. Alangizi a zaumoyo ali kale m'midzimo, amadziwa khomo lililonse limene muli matenda a mgonagona. Ndipo wodwala akamwalira, fayilo isatsekedwe tsiku lomwelo. Pakapita masiku 40, nthawi imene ambiri kuno amachita sadaka, wina apite akakhale pakhonde ndi gadiyani, amupepese, kenako amufunse: masiku otsiriza mankhwala analipo? Munayenda maulendo angati osapeza kanthu? Usiku zitavuta munali ndi nambala yoimbira, ndipo inayankhidwa? Munagulitsa chiyani? Mayankhowo awerengedwe pamsonkhano wa khonsolo monga amawerengera za kolera ndi za amayi omwalira pobereka. Pakhoma la chipatala chilichonse chosunga mofini papachikidwenso pepala loonetsa masiku amene mankhwalawa kunalibe mwezi wathawo, kuti komiti ya chipatala ndi mafumu aziona ndi maso awo.

Ndikudziwa chimene ena anene. Ndalama n'zochepa, malungo akupha ana, kolera wa 2022 ndi 2023 anatikantha koopsa kuno kunyanja, ndiye tiyambe ndi amene angachire. Funso limeneli ndi lolemera ndipo sindilipeputsa. Koma chimene ndikupempha si makina a mamiliyoni. Ndi ufa wotsika mtengo, kiyi wachiwiri, mafuta a njinga yamoto, ndi munthu wofunsa mafunso. Komanso amene amalipira chisamaliro chikalephera ndi amoyo omwewo: mtsikana wosiya sukulu, ana otsala opanda boti, mudzi wonse umene wamva kulira kuja usiku ndi usiku n'kutsimikiza mumtima kuti kuchipatala kulibe thandizo. Mayi amene anamva azakhali anga akubuula ndi yemweyo amene mawa adzazengereze kukayezetsa khomo la chiberekero.

Ena adzati kufunsa magadiyani ndi kusaka zifukwa anamwino otopa kale. Ayi. Namwino amene amaimbira odwala ndi mayunitsi akeake, amene amachita manyazi kubweza munthu wochokera kutali chifukwa galimoto ya mankhwala sinabwere, alibe umboni wopita nawo kwa mabwana ake. Mawu a magadiyani ndiwo angamuimire. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, koma wodwala wathuyu sangathenso kudzuka, ndipo akapita sadzabwera kudzadandaula. Watsala wodziwa zonse ndi uja anagona pamkeka.

Nafenso eni mudzi tisadzichotsemo. Tsiku la maliro a azakhali kunabwera anthu osawerengeka, ndalama za chipepeso zinadzaza mbale, wandale wina anatumiza matumba a ufa. Theka la ndalama zimenezo likadabwera milungu iwiri m'mbuyomo, wina akadatha kupita mpaka ku Zomba kukafuna botolo. Mipingo, mizikiti ndi mafumu ali ndi thumba la maliro pafupifupi m'mudzi uliwonse. Sindinamvepo za thumba la kabaza wokatenga mankhwala a wodwala ali moyo, ndipo inenso, amene ndinafika ndi galimoto tsiku loika, sindinafunse m'nthawi yake kuti m'botolo mwatsala motani.

Msuweni wanga anandiuza yekha, patapita miyezi, zimene anachita usiku wachitatu mankhwala atatha. Anathira madzi pang'ono m'botolo louma lija, nakhutchumula, n'kuwamwetsa mayi ake ndi supuni, akuwauza kuti mankhwala abwera. Azakhali anameza, namuyang'ana, n'kunena kuti, "Wayesetsa mwanangu, kagone." Kabuku kawo ka kuchipatala akusungabe m'chikwama cha zitenje. Patsamba lotsiriza pali dzanja la namwino uja, analembapo tsiku loti adzabwerenso kudzaonedwa, ndipo tsikulo linakwana azakhali atagona kumanda milungu iwiri.