Kodi Tinalirira Mwana Uti?

Achinyamata anzathu mwa Khristu, sabata ino titsutsana ndi ambiri a inu, ndipo tikudziwa kuti ena simukondwa. Filimu ya The Boy in the Striped Pyjamas, imene Mark Herman anakonza mu 2008 kuchokera m'buku la John Boyne la 2006, imatamandidwa kuti ndi phunziro lozama la kusalakwa kwa mwana. Ifenso tinaionera, ndipo misozi inagwa. Koma titapukuta m'maso tinadzifunsa kuti: kodi tinalirira mwana uti?

Nkhani yake ndi iyi. Bruno, mnyamata wa zaka 8, akusamuka ku Berlin chifukwa bambo ake, mkulu wa asilikali a chipani cha Nazi, apatsidwa udindo woyang'anira msasa wa akaidi achiyuda. Iye akuyesa kuti msasawo ndi famu. Akupalana ubwenzi ndi Shmuel, mwana wachiyuda wa kuseri kwa mpanda wa waya. Potsiriza akukumba pansi pa mpandawo, akuvala zovala za akaidi, ndipo anawo akufera limodzi m'chipinda cha mpweya wa poizoni.

Tsono taonani mmene filimuyo ikutibera mtima. Pa mphindi zomaliza tikuthamanga pamvula pamodzi ndi mayi ake a Bruno, tikumva bambo ake akufuula dzina la mwana wawo. Chamumtima tikupempha kuti afike msanga, atsegule chitseko, amutulutse Bruno. Amutulutse Bruno! Nanga anthu ena onse odzaza m'chipindamo? Mosazindikira tagwirizana ndi wakupha yemweyo, kuti tsoka la tsikulo ndi lakuti mwalowa mwana amene sanayenera kulowamo. Ngati kuti analipo oyenera.

Msasa umene bukulo likuloza ndi Auschwitz, ku Poland. Kumeneko kunaphedwa anthu pafupifupi 1.1 miliyoni, ndipo pafupifupi 1 miliyoni mwa iwo anali Ayuda. Ana achiyuda oposa 200,000 anawatengera kumeneko, ndipo ochuluka anaphedwa tsiku lomwe anatsika sitima, poti sakanatha kugwira ntchito. Mpanda unali wa magetsi, pa nsanja panali alonda a mfuti. Mwana wokhala pamenepo tsiku ndi tsiku n'kumacheza ndi mnzake ndi wa m'nthano chabe. N'chifukwa chake mu 2020 oyang'anira malo a chikumbutso a Auschwitz anachenjeza kuti ophunzira ndi ophunzitsa mbiriyi alipewe bukulo.

Nako kusadziwa kwa Bruno sikutigwira mtima. Mu Novembala 1938 masunagoge anatenthedwa m'dziko lonse la Germany, ku Berlin komwe. Kuyambira mu Seputembala 1941 Myuda aliyense wa zaka 6 kupita m'tsogolo ankakakamizidwa kuvala nyenyezi yachikasu pachifuwa. Kusukulu ankaphunzitsa chidanicho ngati masamu. Ndiye mwana wa mkulu wa SS alephere kudziwa kuti Myuda ndani? Woona m'banjamo ndi Gretel yekha, mlongo wake wa Bruno, amene akutaya zidole zake n'kumata zithunzi za chipani pakhoma. Umo ndi mmene ana ankawonongedwera.

Mayi aja nawonso akutionetsa ngati munthu wodzidzimuka pomva chimene chikufuka m'chumuni. Koma Rudolf Höss, amene analamuliradi Auschwitz, ankakhala ndi mkazi wake Hedwig ndi ana asanu m'nyumba yogundana ndi khoma la msasa, yokhala ndi dimba la maluwa, akaidi akuwagwirira ntchito. Anapachikidwa pa msasa womwewo mu 1947. Filimu ya The Zone of Interest ya 2023 inalimba mtima kuonetsa banja limenelo mmene linalili: lodya bwino, logona tulo, lodziwa.

Wina anena kuti nthano si buku la mbiri, ndipo bola filimuyo imafewetsa mitima. Sitikukana kuti imafewetsa. Funso lathu ndi lakuti, imafewetsera yani? Pa 28 Disembala Mpingo umakumbukira ana osalakwa a ku Betelehemu. Sunafunepo kuti mwana wa m'nyumba ya Herode afe kaye kuti timve chisoni. Ndipo ngati tikufuna chitsanzo cha munthu amene anagawana imfa ndi mkaidi, tili naye Maximilian Kolbe woyera, amene mu 1941 anadzipereka ku Auschwitz m'malo mwa Franciszek Gajowniczek. Iye sanalowe m'chipinda cha njala molakwitsa njira. Ankadziwa bwino lomwe kumene akupita.

Sitikuletsa kuonera filimuyo m'holo ya parishi. Koma ikatha, musanayatse magetsi, afunseni oonera dzina la mkaidi wachikulire uja wosenda mbatata m'khitchini, dokotala amene anamanga bala la Bruno pabondo, amene msilikali anamumenya chifukwa chotaya vinyo patebulo, ndipo sanaonekenso. Dzina lake ndi Pavel. Muwerenge manja amene akwezedwe.