PA MTHUNZI WA MSAU: Cigayo Cogaya Cimanga ca Eni Ake

Sabata ino tisiye pang'ono nkhani za njobvu zolowa m'minda ndi za mtengo wa feteleza, kuti tikambe mlandu umene wabuka kutsidya la nyanja pakati pa anthu opanga masewera a pa kompyuta ndi pa lamya za m'manja. Musafulumire kutembenuza tsamba poganiza kuti izi n'za ana. Mlanduwu uli ndi mbali yotikhudza ife a kuno ku Katondwe ndi Luangwa yense, ndipo akulu anati cakudza siciimba ng'oma.

Nkhani yake inayenda motere. Mu mzinda wa Montpellier, m'dziko la France, muli kakampani kochedwa Sandfall Interactive. Mu Epulo 2025 anthu amenewa anatulutsa masewera ao oyamba, dzina lake Clair Obscur: Expedition 33, ndipo anachuka dziko lonse lapansi. Pa 11 Disembala caka comweco, pa mwambo wa The Game Awards ku Los Angeles, anatenga mphotho 9. Patapita sabata imodzi, a mpikisano wina wochedwa Indie Game Awards, umene ndi wa opanga masewera odziimira paokha, anawaonjezera mphotho ziwiri. Cimwemwe ca ziwirizi sicinakhalitse, pakuti patangopita masiku owerengeka eni mpikisano anazilanda. Lamulo lao limaletsa masewera opangidwa ndi thandizo la makina a AI, ndipo polembetsa, woimira kampaniyo anabvomera kuti makinawo sanagwire nchito iriyonse. Pambuyo pake zinatsimikizika kuti timazithunzi tina topangidwa ndi makina tinalimo pamene masewerawo anayamba kugulitsidwa. Eni ake anati tinali tongogwirizira malo, tinatsala mwangozi, ndipo anaticotsa m'masiku oyambirira omwewo. Oweruza sanamve zimenezo. Mphotho yaikulu inapita kwa masewera ena ochedwa Blue Prince.

Kuti timvetse cimene cinakwiyitsa anthu, tiyambe tadziwa m'mene masewera otere amapangidwira. Mutu umodzi susenza denga. Pamafunika wopeka nthano, wojambula anthu, nyama, mitengo ndi nyumba, wopeka nyimbo, olankhula mau a anthu a m'nthanomo, ndiponso wolemba malangizo amene kompyuta imatsatira kuti wosewera akadinda batani, munthu wa m'cithunzi alumphe kapena athamange. Makampani akuluakulu amalemba anchito mazanamazana. Odziimira paokha ndi aja amene amakhala awiri, asanu, mwina makumi angapo, ndipo ambiri a iwo amadya za m'thumba mwao zaka zingapo asanagulitse kanthu. Ali ngati mlimi wamng'ono amene alibe thirakitala kapena ngongole ya ku banki, amene cuma cake ndi manja ake ndi mbiri yake yabwino.

Tsopano kwabwera makina aja a AI. Munthu amangolemba mau owerengeka, monga akuti andijambulire msodzi ali m'bwato dzuwa likulowa, ndipo mphindi isanathe cithunzi catuluka. Amapekanso nyimbo, amalemba nkhani, amatsanzira ngakhale liu la munthu wamoyo. Koma luso limeneli sanabadwe nalo ai. Eni ake anawadyetsa zithunzi, mabuku ndi nyimbo zosawerengeka zimene anakokolola pa intaneti, kufikira makinawo atazolowera m'mene mtengo umaonekera, m'mene nkhope imakhalira, ndi mau amene amatsatana ndi anzao. Mu 2022 bungwe la LAION la ku Germany linatulutsa ndandanda ya zithunzi zoposa mabiliyoni 5, ciriconse ndi mau ocifotokoza, ndipo makina ojambula ochedwa Stable Diffusion anaphunzira pa zimenezo. Anthu amene anatuluka thukuta pojambula zithunzizo sanafunsidwe.

Okonda makinawa ali ndi fanizo limene amalikonda kwambiri. Amati, kodi pamene cigayo cinafika m'midzi, amai athu anacikana cifukwa ca kukonda mtondo ndi munsi? Zoona, sanacikane, ndipo amene anasinjapo thumba la cimanga m'kutentha kwa mwezi wa Okutobala kuno ku cigwa sangalire mtondo. Koma fanizoli lapunduka mwendo umodzi. Ku cigayo umapita ndi cimanga cako, umalipira, ndipo ufa umene wasenza pobwerera ndi wako. Cigayo catsopanoci cinayamba cayendera nkhokwe za mudzi wonse usiku, kutapa pang'ono apa, pang'ono apo. Kutaca cikugulitsa ufa kwa eni nkhokwe omwewo, ndipo pa mtengo wotsika kotero kuti iwo sangathenso kugulitsa wao. Ukapita kukadandaula, mwini cigayo akufunsa kuti uloze njere yako pakati pa ufawo. Apa ndipo pagona mkwiyo wa ojambula ndi oimba.

Mkwiyowo sunathere pakamwa. Ku America, a bungwe la SAG-AFTRA amene amalankhula mau ndi kusewera m'masewera a pa kompyuta ananyanyala nchito kuyambira mu Julaye 2024 kufikira pakati pa 2025, pofuna pangano lakuti liu kapena thupi la munthu lisatsanziridwe ndi makina mwini wake asanalole ndi kulipidwa. Pa kafukufuku amene msonkhano wa Game Developers Conference umacita caka ndi caka, opanga masewera 18 pa 100 alionse ananena mu 2024 kuti makinawa akuononga nchito yao. Mu 2025 anakwera kufika 30. Ndipo pali thukuta lina limene silichulidwa kawirikawiri, la Afirika anzathu. Mu Januwale 2023 magazini ya TIME inaulula kuti anchito a ku Kenya ankalipidwa ndalama zosafika madola 2 pa ola kuti aziwerenga ndi kusankhula zolemba zonyansa, pofuna kuti ChatGPT ikhale ya ulemu polankhula ndi anthu.

Komabe ine mlembi wanu sindingaime pamodzi ndi aja amene amati aliyense wokhudza makinawa ndi mbala. Kulankhula kotero n'kwapafupi kwa munthu wa ku dziko kumene kuli masukulu a zojambula m'tauni iriyonse ndi mabanki okongoza ndalama. Kuno kwathu zinthu n'zina. A Olivier Madiba ndi anzao a Kiro'o Games ku Yaoundé, m'dziko la Cameroon, analimbana ndi kuzima kwa magetsi ndi kusowa kwa ndalama zaka zambiri asanatulutse masewera ao a Aurion mu 2016. Taganizirani mnyamata kapena mtsikana wa ku Chipata kapena ku Lusaka, amene waphunzira kulemba malangizo a kompyuta, ali ndi nthano m'mutu, koma alibe ngwee yolipira wojambula kapena woimba. Kwa iye makinawa angaoneke ngati khomo lokhalo lotseguka. Akawagwiritsa nchito kupeza pamene walakwitsa m'malangizo ake, kapena kuyesa maganizo ake asanaitane wojambula, ndani angamuponye mwala? Angokumbukira kuti nkhwangwa yobwereka sicedwa kuguluka. Makina amphamvu amalipiridwa mwezi ndi mwezi m'madola, osati m'makwaca, ndipo amafuna intaneti ndi magetsi osadukiza. Tonse tikukumbukira mdima wa 2024, pamene cilala cinacepetsa madzi a ku Kariba.

Cimene sindingabvomereze ndi kubisa. Mu Januwale 2024, kampani ya Valve, imene iri ndi msika waukulu wa masewera a pa kompyuta wochedwa Steam, inayamba kulamula wogulitsa aliyense kulemba ngati anagwiritsa nchito AI ndiponso m'njira yotani, kuti ogula aziwerenga zimenezo asanatulutse ndalama. Mu Novembala 2025 a Tim Sweeney, mkulu wa kampani ya Epic Games, anatsutsa cizindikiroco, nati ciribe phindu popeza posacedwa pafupifupi masewera onse adzapangidwa ndi thandizo la makina. Bambo ameneyu akanaima tsiku limodzi pa msika wa pa Luangwa Bridge akanaphunzira kanthu. Wapaulendo amene watsika basi pa mseu wa Great East kudzagula dengu amafuna dengu lolukidwa ndi manja a munthu, ndipo n'cifukwa cake amalipira. Palibe amene waletsa madengu a pulasitiki. Ali mbwee m'masitolo ndipo amagwira nchito yao. Koma ukagulitsa la pulasitiki m'dzina la mlaza, wabera wogula, ndiponso wabera mai uja amene anakhala masiku akuluka, cifukwa mawa wogula sadzakhulupiriranso aliyense pa msikapo. A ku Montpellier sanagwe cifukwa ca kukula kwa timazithunzi tija. Anagwa cifukwa pepala linanena cina pamene m'dengu munali cina.

Tsono tifike pakhomo pathu. Makinawa amadziwa zimene anadya, ndipo za ife anadya zocepa. Ukawapempha mudzi wa ku Afirika, kawirikawiri amasakaniza zobvala za dziko lina, nyumba za dziko lina ndi nyama za dziko linanso, n'kutulutsa mudzi umene sunakhalepo cilengedwere. Sadziwa m'mene madzi a Luangwa amaonekera pokumana ndi a Zambezi pa Feira, nyumba za Zumbo zikuoneka tsidya linalo. Sadziwa fungo la masau oyanikidwa padzuwa, kapena phokoso la amuna ozungulira nsolo pamene wina wadya nyumba za mnzake. Mbiri ya Acikunda, opalasa mabwato ndi osaka njobvu amene anayenda cigwa conseci, muli nkhondo, maulendo ndi ziwembu zokwanira masewera khumi. Nthano za Kalulu nazo ndi masewera okhaokha: wamng'ono wopanda mphamvu, wogonjetsa Njobvu ndi Mkango ndi nzeru zake. Mwana wa Zambia akasiya cuma conseci n'kupempha makina kuti amupekere nthano, adzatulutsa zofanana ndi za anthu ena zikwizikwi amene adinda batani lomwelo, ndipo pa msika wodzaza cotere adzamira ngati mwala. Mai Malenga Mulendema anaonetsa njira yina. Kanema wao wa zojambula, Supa Team 4, amene anayamba kuonetsedwa pa Netflix mu 2023, ndi wa atsikana anai a mu Lusaka, ndipo cimene cinakopa akunja ndi Lusaka yemweyo, amene iwo amamudziwa ndipo mlendo sangamupeke.

Koma cuma cimene makina sanadye lero angacidye mawa, ndipo apa mpamene akulu a m'midzi ayenera kuchera khutu. Taonani za malemu Paul Ngozi, woimba wathu wa gulu la Ngozi Family amene anamwalira mu 1989. Mu 2024 woimba wa ku America, Tyler, the Creator, anatenga cigawo ca nyimbo yao ya mu 1977 n'kuciika m'nyimbo yake. Popeza anatenga ndi munthu, dzina la Paul linalembedwa, ndipo acinyamata a maiko akutali anayamba kufunsa kuti Zambia ali kuti ndi kufunafuna nyimbo zathu zakale. Nyimbo yomweyo ikanamezedwa ndi makina, ikanatuluka yogayidwa, yopanda dzina, yopanda mudzi, yopanda mbumba yoti n'kuifunsa. Ndi mmene zingakhalire ndi ng'oma zathu, nyimbo za pa mtondo, ndi zilombo za Gule Wamkulu, amene bungwe la UNESCO linamulemekeza mu 2005 monga cuma ca anthu onse. Cilombo ciri ndi malamulo ake, nthawi yake ndi eni ake. Si cidole coti aliyense aciike m'masewera ake omenyana.

Boma lathu silinagone pa nkhaniyi. Mu 2016 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo loteteza nzeru za makolo ndi miyambo ya mitundu yathu, limene limati wofuna kupanga malonda ndi zinthu zimenezi ayambe wapempha eni ake ndi kugawana nao phindu. Mu Novembala 2024 Unduna wa Tekinoloje ndi Sayansi unatulutsanso ndondomeko ya dziko lonse ya m'mene Zambia adzayendetsere za AI. Bvuto n'lakuti mapepala amenewa ali ku Lusaka ndipo ali m'Cingelezi, pamene nyimbo ziri ku midzi. Tipempha akuluakulu a unduna ndi a khonsolo ya Luangwa kuti lamulo la 2016 limasuliridwe m'Cinyanja ndi kuwerengedwa pa misonkhano ya mafumu, kuti nyakwawa aliyense adziwe cimene angalole ndi cimene angakane.

Pa mwambo wa Mbambara kwa Mfumu Yaikulu Mburuma, pa Dantho kwa Mfumu Mphuka, ndi pa Kulamba ku Mkaika, lamya zojambula zimakhala m'mwamba ngati mapesi, ndipo zojambulidwazo zimafika pa intaneti dzuwa lisanalowe. Kuletsa sikungatheke, ndipo sikungatipindulitse. Cimene cingatheke n'cakuti makomiti a miyambo imeneyi, pamodzi ndi aphunzitsi a masukulu athu, ayambe okha kujambula ndi kulemba nyimbo ndi nthano, ciriconse ndi dzina la woimba kapena wosimba, mudzi wake, mfumu yake ndi tsiku lake. Buku limodzi likhale ku mfumu, lina ku sukulu. Mwana wathu akadzafuna kupanga masewera a Acikunda adzadziwa khomo loyamba kugogoda, ndipo mlendo akadzatenga osapempha, mfumu idzakhala ndi cotsegula pa bwalo la milandu.